Giant's Causeway kapena Mulanje: tiyambire pati m'kalasi?

Aphunzitsi anzanga kuno ku Mzuzu, pophunzitsa za miyala yochokera ku chiphalaphala, zitsanzo ziwirizi zimasiyana kwambiri.

Giant's Causeway ya ku Northern Ireland imakopa maso. Chiphalaphala chinazizira pamtunda zaka zoposa 50 miliyoni zapitazo, n'kung'aluka ngati matope a m'dambo m'chilimwe, ming'aluyo n'kumatsikira pansi. Panatsala nsanamira za mwala wakuda wotchedwa basalt pafupifupi 40,000, zambiri za mbali 6. Bungwe la UNESCO linavomereza malowa mu 1986 kukhala amodzi mwa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse. Komatu ana athu amangowaona pachithunzi.

Phiri la Mulanje lilibe nsanamira zotere. Mwala wake unazizira pang'onopang'ono pansi pa nthaka, kenako zokuta zinakokoloka, Sapitwa n'kuonekera, mamita 3,002. Ineyo ndimayamba ndi Mulanje: n'kutali ndithu kuchokera kumpoto kuno, koma mwana angakafikeko pabasi n'kukaugwira mwalawo.