Big Knob, Nano Patch kapena Monitor Station: kabokosi koyenera situdiyo ya ku Chigwa cha Shire ndi kati?

Ife amene timajambula nyimbo kuno ku Chigwa cha Shire sitikhazikika malo amodzi. Lero uli m'kachipinda kako pa Nchalo, mawa kwaya ya ku Ngabu yakuitanira kutchalitchi kwawo, sabata yamawa wakwera minibasi ya ku Bangula, laputopu ili pamiyendo, masipika ali m'katoni kunsi kwa mpando. Anzanga angapo atandifunsa kuti agule monitor controller iti, ndinaona kuti malangizo ambiri amene tikuwerenga ndi a anthu amene situdiyo zawo zili ndi makina oziziritsa mpweya, magetsi osathima ndi tebulo losasuntha chaka chonse. Ife funso lathu ndi lina. Kodi kabokosiko kagwirabe ntchito magetsi akathima? Nanga fumbi la mu Okutobala likalowa? Nanga kakakwera kabaza?

Kwa amene sanakaonepo, monitor controller ndi kabokosi kamene kamakhala pakati pa sound card (kachipangizo kolowetsa ndi kutulutsa mawu pa kompyuta) ndi masipika. Pamwamba pake pali chopotokola chachikulu cha voliyumu ndi mabatani ochepa: lozimitsa mawu (mute), lophatikiza kumanja ndi kumanzere kukhala mono, ndipo pa ena losinthira kuchoka pa masipika awa kupita pa awo. Ine ndinayamba kukafuna tsiku limene laputopu inauma ntchito ili mkati n'kuyamba kulira mokuwa pa masipika onse awiri. Nthawi imeneyo masipika ndinkawalumikiza ku laputopu mwachindunji, voliyumu n'kumaichepetsa pa sikirini. Sikirini itauma, panalibe pogwira. Ndinachita kuthamangira kukhoma kukazula pulagi, ndipo makutu anandilira mpaka madzulo.

Ndiyambe ndi njira imene ogulitsa sangakuuzeni: kusagula n'komwe. Ngati muli ndi Focusrite Scarlett 2i2, masipika awiri okha ndi mahedifoni amodzi, chopotokola cha masipika muli nacho kale, cha mahedifoni chilinso pachokha, ndipo zonsezo zimadya moto wa USB wochokera ku laputopu. Audient iD14 MkII imapitirira pamenepo, chifukwa ili ndi mabowo awiri a mahedifoni komanso batani limene mungalipatse ntchito ya mono kapena yotsitsa mawu. Amene ali pamenepa, ndalamazo agulire zingwe zabwino kapena batire. Kabokosi kamayamba kufunika mukakhala ndi masipika a mitundu iwiri, mukafuna kumveranso foni pa masipika omwewo, kapena sound card ikakhala patali ndi dzanja.

Tsono pali magulu awiri. Loyamba ndi la timabokosi tosafuna magetsi, timene amatitcha passive. Apa pali Mackie Big Knob Passive, JBL Nano Patch+, Palmer Monicon, Behringer Monitor1 ndi TC Electronic Level Pilot. Mkati mwake mulibe zambiri: chopotokola chimene chimangochepetsa mphamvu ya mawu, ndi maswitchi. Sitiwonjezera mawu, timangochotsera. Mulibe chotentha, mulibe adaputala yoti muiwale ku Nsanje inu muli kale pa Sorjini.

Mwa timeneti, Level Pilot ndi kosavuta kuposa tonse: chopotokola chokha ndi zingwe zake, popanda batani lililonse. Nkokongola, nkopepuka, koma ine sindingakasankhe, ndipo chifukwa chake ndichifotokoza ndikafika pa mono. Nano Patch+, Monicon ndi Monitor1 ndi pachibale: tonse tili ndi mono ndi mute, timalandira pulagi ya mano atatu yotchedwa XLR kapena jaki yaikulu, tilinso ndi kabowo ka 3.5 mm kolowetsera foni, ndipo timatumikira masipika a mtundu umodzi. Kusiyana kwake n'kochepa moti mungotenga kamene mwakapeza pamtengo wabwino. Nano Patch+ imalowa bwinobwino m'thumba la m'mbali la chikwama cha laputopu.

Big Knob Passive ndi yokulirapo ndi yolemererapo, koma ili ndi zimene enawo alibe. Imalandira mawu kuchokera mbali ziwiri, imatumiza ku masipika a mitundu iwiri, ndipo pa mono ndi mute inawonjezerapo dim, batani lotsitsa mawu kwakanthawi osasuntha chopotokola. Wamkulu wa kwaya akafuna kuyankhula, mumadina dim, muyankhulane, mudinenso, mawu abwerere pomwe anali. Zimaoneka zazing'ono, koma amene anakhalapo ndi anthu khumi m'kachipinda, aliyense ali ndi ganizo lake pa nyimbo, akudziwa ubwino wake. Kulemera kwakeko kumathandizanso, chifukwa zingwe zikachuluka kumbuyo, kabokosi kopepuka kamakokeka n'kugwa patebulo.

Timabokosi ta passive tili ndi zofooka ziwiri zimene zimachokera pa kapangidwe kake, osati pa dzina la kampani. Choyamba, mukatsitsa voliyumu kufika pansi penipeni, mbali ziwirizo sizitsika mofanana nthawi zonse, ndiye mawu amatha kupendekera kumanja kapena kumanzere. Mankhwala ake ndi kuchepetsa voliyumu kumbuyo kwa masipika enieniwo, kuti chopotokola chizigwira ntchito chapakati. Yamaha HS5, KRK Rokit 5 ndi JBL 305P MkII onse ali ndi pochepetsera kumbuyo. Chachiwiri, zingwe zochoka pa kabokosi kupita ku masipika zikatalika kwambiri, mawu aang'ono akuthwa amayamba kufooka. Zisapitirire mamita awiri kapena atatu, ndipo zikhale za balanced, ndiye kuti zamawaya atatu mkati, za jaki ya TRS kapena za XLR. Zingwe za balanced zimachepetsanso kung'ung'uza kwa 50 Hz kumene kumamveka mawaya a m'nyumba akakhala osalongosoka, kapena mukamagwiritsa ntchito jenereta.

Ndipo chachikulu: timabokosi tonse ndatchulati tilibe potulutsira mahedifoni penipeni. Mahedifoni amafuna amplifaya, amplifaya imafuna moto.

Apa ndi pamene gulu lachiwiri limakopa mtima. Mackie Big Knob Studio ndi controller komanso sound card pamodzi: ili ndi polowetsera maikolofoni awiri, mahedifoni awiri aliyense voliyumu yake, masipika a mitundu iwiri, ndi kamaikolofoni ka talkback koyankhulira woimba ali m'kachipinda kojambulira. PreSonus Monitor Station V2 si sound card, koma imanyamula mahedifoni anayi ndi masipika a mitundu itatu, talkback iliponso. Audient Nero nayo ili ndi mahedifoni anayi. Pa situdiyo yokhazikika, monga ya wailesi ya m'dera kapena ya mpingo umene uli ndi sola yamphamvu ndi inveta, zida zimenezi n'zabwino zedi, ndipo Monitor Station ndingaisankhe mosakayika kumene oimba anayi amajambula nthawi imodzi.

Koma taganizani zimene zimachitika magetsi akathima. Masipika athima, zimenezo n'zodziwikiratu, kaya muli ndi passive kaya ayi. Chimene chimapulumutsa tsikulo ndi mahedifoni. Ngati mahedifoni anu akudutsa pa sound card ya USB, laputopu ipitiriza ndi batire yake, sound card ipitiriza kudya ku laputopu, ndipo mumalizitsa nyimbo imene munayamba. Ngati akudutsa pa kabokosi kofuna moto wa kukhoma, zonse zaima nthawi imodzi. Pa Big Knob Studio, popeza sound card ili momwemo, ndi kujambula komwe kwaima. Kwaya yachokera kutsidya la East Bank, yalipira bwato, amayi asiya ntchito za kudimba, ndiye muwauze kuti abwerenso Loweruka? Tonse tikukumbukira Januwale wa 2022, pamene namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira kuno ku Chikwawa, mphamvu pafupifupi 130 MW n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Amene anapitiriza ntchito nthawi imeneyo ndi amene zida zawo sizinkadalira khoma.

Nchifukwa chake ine ndinagawa ntchitoyo pawiri. Masipika ndinawapatsa kabokosi ka passive. Mahedifoni ndinawasiya pa sound card, ndipo oimba akachuluka ndimalumikizapo kaamplifaya kakang'ono ka mahedifoni. Behringer HA400 ndi kodziwika kwambiri: kamalandira mawu pa jaki imodzi ya stereo, kamatulutsa ku mahedifoni anayi, aliyense voliyumu yake, ndipo kamadya 12 V DC. Moto umenewu ndi womwe uli mu batire ya sola imene ili m'nyumba zambiri kuno. Musanalumikize, onetsetsani chizindikiro cha + ndi − pa kabowo ka moto, ikanipo fyuzi, ndipo batireyo isakhale ikutchajidwa nthawi imeneyo, chifukwa moto umakwera kupitirira 14 V komanso chotchajira chimabweretsa phokoso. Mawu ake si oti mumikisire nyimbo yomaliza, koma kuti woimba amve kiyibodi ndi kugunda kwa nyimbo, ndi okwana. Talkback mulibe, inde, koma m'tchalitchi kapena m'chipinda chimodzi mumangokweza dzanja n'kuyankhula.

Mahedifoni enieniwo muwasankhenso molingana ndi zimenezi. Beyerdynamic DT 770 Pro imabwera ya 32, ya 80 ndi ya 250 ohm (muyeso wa mmene mahedifoni amakanira moto kudutsa), ndipo ya 250 imafuna amplifaya yamphamvu kuti imveke bwino. Audio-Technica ATH-M50x ndi ya 38 ohm, Sony MDR-7506 ndi ya 63 ohm, ndipo zonsezi sizivuta pa sound card ya USB.

Tibwere tsopano pa mono, chifukwa ndi batani limeneli limene limandichititsa kukana kabokosi kalikonse kopanda ilo. Nyimbo zimene timajambula zimamvedwa kuti? Pa kafoni ka mabatani ka sipika imodzi. Pa kawailesi ka memori khadi kopachika pa njinga. Pa kasipika ka Bluetooth pamsika wa Ngabu. Pa zimkuzamawu za pa ukwati, zimene nthawi zambiri zimalumikizidwa mbali imodzi yokha. Ndi anthu ochepa kwambiri amene adzakhale pakati pa masipika awiri monga mmene timakhalira ife pomikisa. Kumanja ndi kumanzere zikaphatikizidwa, mawu amene akutsutsana amafafanizana. Ndinaziona bwino pojambula ulimba. Chida chimenechi n'chachitali, ndiye ndinaika maikolofoni awiri, wina kumutu wina kumapazi. Pa masipika awiri zinkamveka zotakasuka, zikho za pansi zikulira mokoma. Nditadina mono, mawu apakati anachepa thupi, ena anangotsala pang'ono kusowa, chifukwa mawu amodzi omwewo ankafika pa maikolofoni awiriwo nthawi zosiyana pang'ono. Ndinasuntha maikolofoni m'modzi chikhatho chimodzi, ndinadinanso, ndinasunthanso, mpaka ulimba unabwerera. Akuluakulu amene ankaimbawo anamvera pa foni ya mdzukulu wawo ndipo anavomera ndi mutu. Zomwezi zimachitikanso ndi mawu a kiyibodi amene ali ndi chorus yambiri (chokometsera chochititsa mawu amodzi kumveka ngati ambiri), komanso ma plugin (mapulogalamu owonjezera pomikisa) otambasula stereo amene achinyamata ambiri akuwakonda. Mono ili mu pulogalamu yomikisira, n'zoona, koma batani lokhala pansi pa chala mumalidina kakhumi pa nyimbo imodzi, pamene la pa sikirini mumalikumbukira nyimbo itapita kale ku wailesi.

Pa Big Knob Passive, mbali yachiwiri ya masipika ndinalumikizako kawailesi kotchipa kokhala ndi polowetsera AUX, ngati timene tili m'nyumba za makasitomala anga. Besi ikamveka pamenepo, imveka paliponse.

Chopotokola chachikulu chili ndi phindu linanso. Kuyambira kafukufuku wa Fletcher ndi Munson wa mu 1933 zimadziwika kuti khutu silimva besi mofanana pa voliyumu yotsika ndi yokwera. Mukamasinthasintha voliyumu mosadziwa, mumasinthanso chiweruzo chanu pa besi. Ine ndinamata kapepala pa malo amodzi a chopotokola, ndipo ndimamikisira pamenepo tsiku lililonse. Zimatetezanso makutu: akatswiri a zaumoyo wa pantchito amaika malire a kukula kwa phokoso pa 85 dB kwa maola 8, ndipo mukakweza ndi 3 dB yokha, nthawiyo imatsika ndi theka.

Za kutentha ndi fumbi sinditalikitsa. Kuno Okutobala ndi Novembala amapitirira madigiri 40, pansi pa malata ndiye kuposa apo, ndipo ma adaputala a moto ndi amene amayamba kutopa. Passive alibe adaputala, koma mdani wake ndi fumbi: likalowa m'chopotokola, mumamva kukhwekhwereza mukamapotokola. Muzikavundikira ndi kansalu mukamaliza, muzikanyamula m'jumbo yotseka, ndipo kakayamba kulira gwiritsani ntchito mankhwala opopera otsukira zida zamagetsi otchedwa contact cleaner, osati mafuta a njinga. Nthawi ya dzinja chinyontho chimadyetsa majaki dzimbiri, choncho zida zisagone pansi, makamaka kwa anzathu okhala kufupi ndi madzi ngati ku Makhanga.

Amene mukutumiza m'bale wa ku Johannesburg kapena mukugula chogwiritsidwapo kale ntchito ku Limbe, onani kaye adaputala ngati ndi ya 230 V, chifukwa zina zochokera ku America ndi za 120 V zokha ndipo zimapsa nthawi yomweyo. Ngati ndi passive, pitani ndi foni, kachingwe ka 3.5 mm ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino, ndipo pemphani kuti akulumikizireni ku masipika. Potokolani pang'onopang'ono kuchokera pansi, mumve ngati mbali zonse zikukwera limodzi. Dinani batani lililonse kangapo. Kenako gwedezani majaki akumbuyo mmodzimmodzi nyimbo ikulira, chifukwa m'minibasi ya pa Thabwa adzagwedezeka kuposa pamenepo.