Basi yofiira ya City Sightseeing ku Johannesburg: ya masana, usiku mudzionere nokha

Ngati mwafika ku Johannesburg koyamba ndipo simukudziwa poyambira, gulani tikiti ya basi yofiira ya City Sightseeing, ija yosanja yopanda denga pamwamba. Ine ndikuipatsa nyenyezi zinayi pa zisanu. Yachisanuyo ndaimana osati chifukwa inandilakwira, ayi, koma chifukwa ntchito yake imatha madzulo, nthawi yomwe malo odyera ndi mabala akuyamba kumene kudzaza. Basiyi imakuonetsani mzinda, koma kudya bwino ndi kucheza usiku muyenera kudzikonzera nokha.

Ndinakwerera ku Rosebank, pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Gautrain. Tikiti yake ndi ya tsiku limodzi kapena masiku awiri, ndipo mumatsika pomwe mwafuna, n'kudzakwera ina ikamadutsa. Pokwera amakupatsani timahedifoni tolumikiza pampando, mumasankha chilankhulo, kenako mawu ojambulidwa amakufotokozerani chilichonse chomwe mukudutsa. Ana ali ndi tchanelo chawo. Dziwani kuti tikiti wamba ndi ya basi yokha, ndalama yolowera m'mamyuziyamu mumalipira pakhomo.

Mzindawu ndi wotambalala kwambiri. Madera osangalatsa ndi otalikirana, pakati pake pali misewu ikuluikulu yomwe munthu wapansi sangailimbe mtima, ndiye mlendo wopanda galimoto amangothera mu hotelo ndi m'mashopu. Apa ndi pomwe basiyi ikupindulira. Mukakhala pamwamba mumaona kuseri kwa mipanda italiitali yokhala ndi waya wamagetsi, mumaona mitengo yambirimbiri yomwe anthu anachita kubzala pamalo omwe kale panali udzu wokhawokha, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mitengo ya jakaranda imachita maluwa mpaka misewu kusintha mtundu. Chakumwera kuli milu yachikasu yooneka ngati timapiri. Ndi dothi lochokera m'migodi. Golide anapezeka kuno mu 1886, ndipo mzinda wonsewu unamera chifukwa cha iyeyo, popanda mtsinje waukulu kapena nyanja pafupi.

Za pamwambapo ndikuchenjezeni. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kotero dzuwa limawotcha khungu ngakhale kunja kukuoneka kozizira. Mu Juni ndi Julayi mphepo ya m'mawa imalowa m'mafupa basi ikathamanga, tengani jekete. Nyengo yamvula kumacha bwinobwino, koma pofika masana mitambo imasonkhana, mphezi n'kuyamba, nthawi zina ndi matalala omwe. Zikatero aliyense amathamangira m'munsi, ndipo mipando ya m'munsiyo siikwanira onse.

Malo otsikira ndi ambiri, koma musayese kutsika paliponse. Awiri kapena atatu pa tsiku akwana. Oyamba akhale Constitution Hill.

Pano panali ndende, ndipo inatsekedwa mu 1983. Ili ndi zigawo zitatu zomwe mumayendamo: Old Fort, yomwe inamangidwa nthawi ya Paul Kruger, pulezidenti wa boma la Mabunu la Transvaal, ndipo inkasunga akaidi achizungu, ndende ya amayi, ndi Number Four, komwe ankatsekera amuna akuda. Mahatma Gandhi anatsekeredwa kuno mu 1908. Nelson Mandela anasungidwako mu 1956 ndi mu 1962. Winnie Madikizela-Mandela ndi Albertina Sisulu anadutsa m'ndende ya amayi. Koma chomwe chinandigwira mtima si mayina akuluakuluwa. Ndi zipinda za Number Four, momwe anthu ankapanikizana kuposa chiwerengero chomwe chipindacho chinamangidwira, ambiri mwa iwo mlandu wawo uli wongoyenda opanda chiphaso chomwe anthu akuda ankakakamizidwa kuyenda nacho. Chakudya chinkagawidwa potengera khungu. Zimbudzi zinali poyera, moyang'anana ndi pomwe anthu ankadyera. Tizipinda ta chilango tili ndi zitseko zachitsulo zomwe akaidi anazilembalemba ndi kuzikanda, ndipo zolembazo zikuonekabe. Mukalowa m'kachipinda kamodzi n'kukoka chitseko pang'ono, simukhalitsamo.

Mukatuluka m'menemo mumangoyenda pang'ono n'kufika pa Constitutional Court, khoti lalikulu la malamulo oyendetsera dziko, lomwe linatsegulidwa pamalowa mu 2004. Njerwa zina za khotili anazichotsa ku chigawo cha ndende chomwe chinkasunga oyembekezera kuzengedwa milandu. Chizindikiro chake ndi anthu atasonkhana pansi pa mtengo, kutsogolo kwa mipando ya majaji 11 kuli zikopa za ng'ombe, ndipo pali zenera lalitali lopyapyala lomwe limaonetsa miyendo yokha ya odutsa panja, osadziwika kuti ndi wolemera kapena wosauka. Munthu wamba amaloledwa kulowa. Ndinaona alendo ena akungojambula chithunzi pakhomo n'kuthamangira basi yotsatira. Anataya zambiri. Lolani basi imodzi kapena ziwiri zikudutseni.

Achiwiri ndi Apartheid Museum, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Pogula tikiti amakupatsani yolembedwa kuti ndinu mzungu kapena si mzungu, mosatengera khungu lanu lenileni, ndipo mumalowera pakhomo logwirizana ndi tikitiyo. Ngati mwabwera awiri mutha kusiyana pakhomo pomwepo, n'kumaonana kudzera m'mawaya. Ndi kanthawi kochepa chabe, koma kamakukonzekeretsani. M'katimo nkhani ya tsankho kuyambira 1948 mpaka chisankho cha 1994 yaikidwa m'zithunzi, m'makanema ndi m'zinthu zenizeni. Muli galimoto yankhondo ya Casspir, ija apolisi ankalowa nayo m'makomboni. Muli chipinda chomwe kudenga kwake kukulendewera zingwe 131, kuimira anthu omwe ananyongedwa pa zifukwa za ndale. Ngati mwayambira ku Constitution Hill, m'chipinda chimenechi mudzakumbukira khoti lija, pakuti ndi lomwelo lomwe linathetsa chilango cha imfa mu 1995. N'chifukwa chake ndikuti malo awiriwa muwaone motsatizana, tsiku limodzi.

Myuziyamuyi imafuna maola awiri kapena atatu, ndipo zowerenga ndi zambiri. Ana aang'ono amatopa, komanso makanema ena si oyenera iwo. Pafupi pomwepo pali Gold Reef City, malo amasewero omangidwa pa mgodi wakale, pomwe mutha kutsikira pansi pa nthaka ndi kuonerera akusungunula golide. Banja lokhala ndi ana likhoza kugawana, ena uku ena uko. Ine sindinakhalitseko. Kuchoka pa zingwe zija n'kukamva anthu akukuwa pa makatungwe amagetsi, mtima sunavomere.

Ku Gold Reef City komweko ndi komwe mumasinthira kukwera minibasi yopita ku Soweto, ngati munagula tikiti yophatikiza. Iwonjezereni ndalamayo. Apa sipakhalanso mawu ojambulidwa, amakufotokozerani ndi munthu wa ku Soweto komweko, ndipo mutha kumufunsa chilichonse. Wathu anali wanthabwala koma wodziwa pomwe nthabwala ziyenera kuthera. Mumadutsa pa FNB Stadium, bwalo lomangidwa mofanana ndi chipanda, pomwe Spain inagonjetsa Netherlands 1-0 pa ndime yomaliza ya World Cup ya 2010. Mumadutsa pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath, chimodzi mwa zikuluzikulu padziko lonse, ndi pa Orlando Towers, nsanja ziwiri zopakidwa zithunzi zomwe kale zinali za siteshoni yamagetsi. Masiku ano olimba mtima amadumpha kuchokera pamwamba pake atamangidwa chingwe kumiyendo. Ine ndinangoyang'ana.

Pa Vilakazi Street, ku Orlando West, pali nyumba nambala 8115 yomwe Mandela analowamo mu 1946, ndipo mumsewu womwewo munkakhalanso Archbishop Desmond Tutu. Onse awiri analandira mphoto ya mtendere ya Nobel, Tutu mu 1984, Mandela mu 1993. Chapafupi pali chikumbutso cha Hector Pieterson, mwana wasukulu yemwe anawomberedwa ndi apolisi pa 16 Juni 1976, ana asukulu atakana kuphunzitsidwa m'chilankhulo cha Afrikaans. Chithunzi chomwe Sam Nzima anajambula tsikulo, Mbuyisa Makhubo atanyamula mwanayo ndipo mlongo wake akuthamanga pambali, chili pomwepo. Ulendo wonse wa minibasi ndi wa maola pafupifupi awiri. Ndi wongolawitsa. Kuti mukhale pansi, mudye, mumve nyimbo, mudzabwerenso tsiku lina panokha.

Ndipo mudzabwerenso ndithu, chifukwa chakudya chomwe ndinachikonda koposa mumzinda wonsewu chili ku Soweto. Shisa nyama ndi malo omwe mumasankha nyama yaiwisi nokha, amaiyeza, n'kukuotcherani pamakala pomwepo. Imabwera pa thireyi limodzi ndi boerewors (soseji ya kuno), pap (nsima) ndi chakalaka, ndiwo za kaloti, tomato, anyezi, nyemba ndi tsabola. Chaf Pozi, pansi pa Orlando Towers pomwe, ndi poyambira pabwino kwa mlendo. Pitani Loweruka kapena Lamlungu masana, nyimbo za amapiano zikugunda, mabanja ndi achinyamata atasakanikirana. Musapite nokha, thireyi limakoma anthu akamalimbirana. Ngati thumba lapepuka, funsani kota: buledi wodula kanayi, amamufukula pakati n'kuikamo tchipisi, polony, soseji, dzira ndi atchar. Si chakudya chomwe dokotala angakuyamikireni, koma mukadya masana, usiku simufunanso kanthu.

Fordsburg basi siifikako, koma ndi pafupi ndi pakati pa mzinda. Ndi dera la Amwenye ndi anthu ochokera ku Pakistan ndi Bangladesh, ndipo biriyani ndi samusa zake sindinazipeze kwina. Yendani mu Mint Road, lowani mu Oriental Plaza. Malo ambiri kumeneko ndi a halaal, mowa sagulitsa, ndiye musapite ndi ludzu la mtundu umenewo. Amene muli ndi ndalama zoti muwononge tsiku lapadera, ku Rosebank kuli Marble, komwe pafupifupi chilichonse amaphika pa moto wa nkhuni inu mukuona. Sungitsani malo pasadakhale, ndipo pemphani tebulo la kuzenera dzuwa likamalowa.

Kumodzi kokha ndi komwe ndinatuluka ndikung'ung'udza, pa malo ena odyera m'kati mwa mashopu aakulu. Nyama inabwera itazizira, ndipo pa bilu anali ataikapo kale ndalama ya operekera zakudya, pansi pake n'kusiyanso mzere woti ndiwonjezere ina. Kuno chizolowezi ndi kusiya pafupifupi 10 peresenti, ndipo operekerawo amaidalira, koma werengani bilu musanalipire.

Za mowa tsono. Braamfontein ndi dera la ophunzira a pa yunivesite ya Wits, ndipo basi imadutsako masana, mutha kuonera pamwamba pomwe mudzabwerere. Kitchener's, pa Juta Street, ndi bala yakale kwambiri, yamatabwa akuda ndi makoma okalamba, koma usiku imadzaza achinyamata ndi ma DJ. Ngati mwapitirira zaka zovina mpaka mbandakucha, pitani madzulo ndithu, mumwe mwakachetechete, muchoke phokoso lisanayambe. Loweruka masana mumsewu womwewo mumakhala msika wa zakudya ndi zakumwa. Mukaoloka Nelson Mandela Bridge, mlatho womwe unatsegulidwa mu 2003, mwafika ku Newtown, komwe kuli Market Theatre. Inayamba mu 1976 mu msika wakale wa zipatso, ndipo inkaonetsa masewero otsutsa tsankho pamaso pa anthu a mitundu yonse nthawi yomwe boma silinkafuna zimenezo. Sewero kenako chakumwa, madzulo amenewo ayenda bwino.

Ku Melville, pa 7th Street, mabala ndi malo odyera ali mondondozana, mutha kuyenda wapansi kuchoka pena kupita pena, zomwe ndi zosowa mumzinda uno. Parkhurst, pa 4th Avenue, ndi yodekha komanso yodulirapo, ya anthu ofuna kukambirana akumvana. Koma yomwe inandikomera ndi Radium Beerhall, pa Louis Botha Avenue ku Orange Grove. Inatsegulidwa mu 1929 ngati malo omwera tiyi, kuseri ikugulitsa mowa mobisa kwa anthu akuda omwe lamulo linkawaletsa. Nditapitako, makoma ake anali odzaza zithunzi ndi manyuzipepala akale, nkhuku ya peri-peri ankaiphika mwa Chipwitikizi, ndipo masiku ena kunkakhala oimba jazi. Si malo onyezimira. Mipando yake yaona zambiri.

Konseku basi yofiira sikuperekezani, imakhala itaweruka. Gwiritsani ntchito Uber kapena Bolt, dikirani galimoto muli m'kati mwa bala osati pamsewu, yerekezani nambala yake ndi ya pa foni musanakwere, ndipo foniyo muiike m'thumba mukamayenda. Eni mzinda amachita zomwezo.

Pa matikiti, wa masiku awiri ndi womwe ndingalimbikitse ngati mukufuna Constitution Hill, Apartheid Museum ndi Soweto zonse, chifukwa kuzipanikiza tsiku limodzi n'kungothamanga. Kwerani basi yoyamba m'mawa. Musanasankhe tsiku, onani kaye pa intaneti ngati Apartheid Museum ikhale yotsegula, chifukwa siitsegulidwa masiku onse a sabata. Ndipo pomwe mwatsika komaliza, funsani woyendetsa nthawi yomwe basi yotsiriza idutse pamenepo.