Katochi kounikira mazira: kamagwira ntchito, koma batire lake ndi lofooka

Amene mumaswetsa anapiye ndi makina, katochi kounikira mazira kamene kakupezeka m'mashopu a zaulimi ku Malangalanga n'koyenera kukhala nako. Ine ndinakagula pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa thireyi imodzi ya mazira, ndipo ndimaunikira a Mikolongwe ndi achikuda kuno ku Area 25.

Ena adzati tochi ya pafoni ndi yokwanira. Imathandizadi, koma kuwala kwake kumabalalika n'kukuthobwani m'maso. Kameneka kali ndi mphira kukamwa. Mukakhazikapo dzira, mbali yaikulu ija itagunda mphirayo, kuwala konse kumalowa m'kati. Sikatenthanso.

Dzira la nkhuku limaswa pakatha masiku 21, ndiye ine ndimayamba kuunika usiku wa tsiku la 7, m'chipinda muli bii. Lamoyo limaonetsa kadontho kakuda ndi mitsempha yofiira yotambalala ngati miyendo ya kangaude, ndipo mukadekha mumakaona kadonthoko kakugwedera. Limene tambala sanagwirepo ntchito limangowala mbee. Pali lina lokhala ndi mzere wamagazi wozungulira dzira lonse. Pamenepo mwanapiye anayamba koma anafera m'njira. Lotere chotsani, chifukwa likasukusa limatha kuphulikira m'makina n'kuipitsa anzake. Za fungo lake ndisanene, mayi akunyumba anangotsala pang'ono kutulutsira makina onse pakhonde. Limene mukulikayikira lembani ndi pensulo, mudzalionenso pa tsiku la 14.

Pamene ndimakayamikira kwambiri ndi magetsi akazima nthawi yaitali. Makina amafuna kutentha kwa madigiri 37.5, ndiye akazizira usiku wonse mtima umakhala m'mwamba. Pakapita masiku angapo ndimaunika n'kudziwa amene apulumuka, m'malo modikira milungu itatu yathunthu mazira atafa kalekale.

Batire lake ndiye ayi. Mukamafika pa thireyi yachiwiri kuwala kumakhala kutachepa, ndipo dzira labwinobwino mukhoza kuliyesa lakufa. Muzikatchajiratu masana magetsi akadalipo. Mazira a Mikolongwe, poti ndi ofiirira, amafuna mdima weniweni. A nkhanga chigoba chake n'chokhuthala, a zinziri ndi amathothomathotho, onsewa simuona bwino zam'kati. Kapepala ka malangizo nakonso n'ka Chingerezi chosamveka, ndipo mnyamata wogulitsa anangondionetsa poyatsira basi.

Kuunika komaliza ndi pa tsiku la 18. Apa dzira limakhala litada lonse kupatula malo a mpweya kumbali yaikulu, omwe amakhala atakula. Mukatero lekani kutembenuza mazira, onjezerani madzi kuti chinyontho chikwere, ndipo makinawo musawatsekulenso mpaka anapiye ataswa n'kuuma.