Dalaivala ya PPD kapena kusindikiza kopanda dalaivala: pulinta yanu ikufuna chiti?

Pa Ubuntu ndi ma Linux ena, CUPS, pulogalamu yoyendetsa zosindikiza, ikusiya pang'onopang'ono madalaivala akale a PPD, mafayilo ofotokozera kompyuta zomwe pulinta imatha. Amene mumasindikizira ophunzira a University of Malawi kuno ku Zomba, nkhaniyi ikukukhudzani.

Njira yatsopano yosindikiza popanda dalaivala, IPP Everywhere, sivuta. IPP ndi njira yomwe kompyuta ndi pulinta zimalankhulirana. Pulinta yodziwa AirPrint kapena Mopria (njira zosindikizira kuchokera pa foni) imadziuzira yokha kompyuta zomwe imatha, bola Avahi, pulogalamu yopeza zipangizo pa netiweki, ikugwira ntchito. Ya chingwe cha USB imafuna pulogalamu ya ipp-usb, ndipo tsamba lake mumalipeza pa localhost:60000. Mu terminal lembani lpinfo -v. Mukaona mzere wokhala ndi ipp:// kapena ipps:// ndi dzina la pulinta yanu, basi, musaikenso dalaivala.

Mutu umaima pa makina akale ngati HP LaserJet 1020, amene ambiri timawadalira chifukwa tona yake imapezeka. Makinawa sadziwa IPP. Amafuna dalaivala ya foo2zjs kapena ya HPLIP ndi plugin yake, ndipo firmware, pulogalamu yoyendetsa pulintayo, imayenera kutumizidwa nthawi iliyonse akayatsidwa. Magetsi akathima n'kubweranso, firmware ikapanda kulowa, kompyuta imasonyeza ngati ntchito yapita koma pepala silituluka. Zimitsani pulinta, muyatsenso kompyuta ili chiyakire.

CUPS 3 sidzalandiranso PPD, koma musataye makina. OpenPrinting, gulu lomwe limasamalira CUPS, idakonza ma Printer Application a Ghostscript, HPLIP ndi Gutenprint, omwe amasunga dalaivala yakale m'kati n'kuionetsa ngati pulinta ya IPP. Mumawakonza pa localhost:8000. Ife tikuona kuti ndi bwino kuyesa izi pa kompyuta ina musanasinthe ya pa kauntala. Chenjeraninso: ipp-usb ikagwira pulinta, dalaivala yakale ya USB imalephera kuifikira.