Shopu ya ku Fordsburg yosamutsira makanema a pa tepi mu kompyuta

Amalawi ambiri amene tikukhala muno mu Johannesburg tikusungabe matepi a kamera omwe anajambulidwa pa zinkhoswe, pa maukwati ndiponso pa mwambo wa chiliza kumudzi, pamene makamera oonetsera matepiwo anafa kalekale. Matepi a banja lathu, ena a MiniDV ndipo ena a Hi8, ndinawapereka ku shopu ina yaing'ono ya ku Fordsburg, ndipo ntchito yawo ndaikhutira nayo, ngakhale kuti pali zingapo zofunika kuzidziwa musanapiteko.

Chimene chinandikopa kwambiri ndi njira imene amagwiritsa ntchito pa matepi a MiniDV. Matepi amenewa, omwe anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1995, amasunga kale zithunzi mwa dijito, motero akalumikiza kamera ku kompyuta ndi chingwe cha FireWire, kanema amalowa monga momwe alili pa tepi, osataya kalikonse, ndipo tsiku ndi nthawi zimene kamera inalemba pojambula zimatsalira m'failomo. Kwa ife zimenezi zinathetsa mkangano wa chaka chimene chinkhoswe cha achemwali athu chinachitika. Koma failo yotere amakupatsani pokhapokha mutaipempha. Mukangokhala chete, amakupatsani MP4 yopanikizidwa, imene ndi yabwino potumizira abale pa WhatsApp koma si yoyenera kwa munthu wofuna kudula ndi kulumikiza makanema, chifukwa nthawi iliyonse mukaisunganso, zithunzi zimanka zifooka. Ola limodzi la MiniDV limadya malo pafupifupi 13 GB, choncho mupite ndi hard drive yanu, ndipo ikhale yokonzedwa mwa njira yosungira mafailo yotchedwa exFAT, popeza njira yakale ya FAT32 silandira failo yoposa 4 GB.

Matepi a Hi8, omwe kampani ya Sony inatulutsa mu 1989, si a dijito, ndipo amawaseweretsa mu kamera ya Digital8 imene imawasandutsa dijito. Zithunzi zinatuluka bwino kuposa zimene ndinaonapo kwa anthu ogwiritsa ntchito tizipangizo totchipa ta USB.

Ndinawalemekezanso chifukwa cha tepi ina imene inachita nkhungu itakhalitsa m'sutikesi ku Nkhotakota, kumene chinyezi cha kunyanja sichisowa. Anakana kuilowetsa m'makina asanaiyeretse, ndipo anandiuziratu kuti mbali zina zikhoza kutayika. Anandichenjezanso kuti tepi ya MiniDV yojambulidwa pa LP, njira yojambulira imene imatalikitsa tepi ya mphindi 60 kufika pa mphindi 90, kawirikawiri imavuta mu kamera ina yosiyana ndi imene inaijambula. Mawu a pa tepi yathu yojambulidwa pa LP anatulukadi modukaduka.

Chodandaula changa n'chakuti mafailo onse anangowapatsa manambala, chikhalirecho tepi iliyonse inali ndi dzina lolembedwa bwinobwino, moti zinatengera ine kuonera kanema aliyense kuti ndidziwe kuti uyu ndi uti. Ntchitoyo imachedwanso, koma pamenepa sindingawaimbe mlandu, chifukwa tepi ya ola limodzi imafuna ola lathunthu kuti ilowe mu kompyuta.

Iwo sasunga makanema anu nthawi yaitali, choncho muwaonere onse mukangowalandira, muwakopere pa hard drive yachiwiri imene mungaitumize kumudzi ndi wachibale wokwera basi pa Park Station, ndipo matepi enieniwo muwatenge ndi kuwasunga pamalo ouma.