Maphunziro a steel guitar a Cindy Cashdollar: ndemanga yanga patatha chaka ndikuwagwiritsa ntchito

Chimene chinandikokera ku steel guitar, gitala yoimbidwa potsetsereza kachitsulo pa nsambo, ndi kulira kumene ndinkakumva ndili mwana, pamene amalume anga ankagoneka gitala pamiyendo n'kumatsetsereza kabotolo pamwamba pa nsambo. Akuluakulu kwathu ankati kaimbidwe kameneka ndi hauyani, ndipo ambiri amakakumbukira akamva dzina la Ndiche Mwarare. Mawu akuti hauyani anachokera ku dzina la Hawaii, kumene Joseph Kekuku wa pa chilumba cha Oahu anayambitsa kaimbidwe aka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880. Amalume anatisiya ndisanawafunse kanthu, ndipo nditakula ndinafufuza munthu woti andiphunzitse koma sindinamupeze. Ndi chifukwa chake ndinatembenukira ku maphunziro ojambulidwa pa kanema, ndipo amene ndakhala nawo kwa chaka chathunthu ndi a Cindy Cashdollar otchedwa Learn to Play Western Swing Steel Guitar, ofalitsidwa ndi kampani ya Homespun.

Kampani imeneyi inayambitsidwa mu 1967 ndi woimba Happy Traum pamodzi ndi mkazi wake Jane, ndipo ili ku Woodstock m'chigawo cha New York. Inayamba ndi kutumizira ophunzira matepi a mawu okha, kenako inadzafika pa makanema ndi ma DVD, ndipo lero munthu amagula phunziro pa intaneti n'kulisunga pa kompyuta kapena pa foni. Cindy Cashdollar nayenso anakulira ku Woodstock komweko, anaimba zaka zoposa 8 m'gulu la Asleep at the Wheel la ku Austin, Texas, ndipo analandira nalo mphotho 5 za Grammy. Western swing, mtundu wa nyimbo umene amaphunzitsa, ndi nyimbo zovina zimene zinakula ku Texas ndi ku Oklahoma m'zaka za m'ma 1930, zotchuka kwambiri ndi gulu la Bob Wills limene steel guitar yake inkaimbidwa ndi Leon McAuliffe. Maphunzirowa ali m'magawo awiri: loyamba ndi la chiyambi, lachiwiri ndi la munthu amene manja ake ayamba kuzolowera.

Wogula ayenera kudziwiratu kuti maphunzirowa amagwiritsa ntchito kachunidwe ka nsambo kotchedwa C6, kamene Jerry Byrd anakatchukitsa. Pa gitala ya nsambo 6, kuyambira nsambo yokhuthala kufika yopyapyala, manotsi ake ndi C, E, G, A, C, E. Ubwino wa kachunidwe aka ndi wakuti kachitsulo kakagona mowongoka pa mzere wa 12 mwa mizere ya pa khosi la gitala, nsambo za C, E ndi G zimapereka kodi (manotsi olira pamodzi) ya C major, pamene za A, C ndi E zimapereka A minor, motero munthu amapeza makodi awiri osasuntha dzanja. Ukasunthira pa mzere wachisanu wapeza F, pa wachisanu ndi chiwiri wapeza G, ndipo nyimbo zambiri za kwaya yathu zimayenda m'malo atatu amenewa. Cindy amaphunzitsa pa gitala ya nsambo 8, choncho ine wa nsambo 6 ndinkayenera kukhala pansi ndi pensulo n'kusamutsa manotsi ena, ntchito imene inandichedwetsa m'masabata oyambirira koma inandithandiza kuidziwa bwino gitala yanga.

Chuma chenicheni cha maphunzirowa chili m'manja a mphunzitsiyo, amene kamera imawaonetsa pafupi kwambiri. Ndisanaonere kanemayu ndinkaganiza kuti luso lonse la steel guitar lili pa kutsetsereza kachitsulo, koma ndinadzaona kuti ntchito yaikulu ndi kutontholetsa nsambo zimene sukufuna kuti zimveke. Pa gitala wamba ukachotsa chala notsi imatha yokha, pamene pa steel guitar kachitsulo kamakhudza nsambo zingapo nthawi imodzi, ndipo nsambo iliyonse imene waikhudza imapitiriza kulira n'kumatsatira kachitsuloko kulikonse kumene kapita. Ukapanda kuziletsa, nyimbo yonse imasanduka phokoso ngati la njuchi mumng'oma. Cindy amaonetsa mmene m'mphepete mwa chikhatho cha dzanja lamanja mumatsikira pa nsambo pakati pa notsi ndi notsi, mwachangu ndiponso mopepuka moti munthu wongomvetsera nyimbo sangadziwe kuti pali chimene chikuchitika. Ndinabwereza kachigawo kameneka kosawerengeka, ndikuchepetsa liwiro la kanema, kufikira nditaona kuti chikhatho chimatsika kamphindi kochepa chala chisanakodole nsambo yotsatira. Chinthu chotere sindikanachipeza m'buku, ndipo sindikanachimva pa chimbale ngakhale nditamvetsera kwa zaka khumi.

Dzanja lamanzere nalo lili ndi zinsinsi zake. Kachitsulo kamagona pansi pa chala cholozera, chala chachikulu ndi chapakati zikukagwira m'mbali, ndipo zala ziwiri zotsalazo zimakhalira kumbuyo kwake zitakhudza nsambo kuti zisamalire mbali yolakwika. Munthu wozolowera gitala wamba amaika chala kumbuyo kwa mzere, koma apa kachitsulo kayenera kukhala pamwamba penipeni pa mzerewo, ndipo kukaphonya pang'ono chabe notsi imamveka yopotoka. Palinso kupendeketsa kachitsulo kuti mbali imodzi ikhale pa mzere wina, ina pa mzere wotsatira, njira imene imabweretsa manotsi awiri ogwirizana ngati mawu a anthu awiri oimba pamodzi. Pamenepa ndi pamene ndinayamikira kufatsa kwa mphunzitsiyu, chifukwa sathamangira kuonetsa ukatswiri wake. Amaimba kachidutswa pa liwiro lake lenileni, kenako amakagawa pang'onopang'ono, akufotokoza chala chimene chikukankha kachitsulo kuti katembenuke. Tsiku limene kupendeketsa kwanga kunamveka koyera koyamba, ndinamva kulira komwe kuja kwa kabotolo ka amalume, ndipo ndinakhala chete kwa kanthawi gitala ili pamiyendo.

Pali chimodzi chimene kanema aliyense sangachite, kaya wojambulidwayo ndi katswiri wotani: mphunzitsi wa pa kanema sakumva zimene wophunzira akuimba. Pa chida chimene notsi yolondola imadalira khutu, vuto limeneli ndi lalikulu ndithu. Ndinakhala miyezi itatu ndikuika kachitsulo kumbuyo pang'ono kwa mzere, makamaka kumtunda kwa khosi la gitala kumene mizere imathithikana ndipo diso limanamiza chifukwa umayang'ana chammbali, koma khutu langa linali litazolowera cholakwikacho moti ndinkachimva ngati chabwino. Ndinadzazindikira tsiku limene mnzanga woimba kiyibodi kutchalitchi anandiuza mwaulemu kuti, “Achimwene, mukutsalira pang'ono pansi pa notsi.” Kuyambira pamenepo ndimadzijambula pa foni nthawi iliyonse ndikamayeserera, n'kumvetsera mawa lake khutu litapuma, ndipo ndimaimba motsagana ndi notsi imodzi yosaleka ya pa kiyibodi kuti ndimve pamene ndapatuka. Aliyense wogula maphunzirowa achite zimenezi kuyambira tsiku loyamba.

Za zipangizo, steel guitar yeniyeni ndi yosowa m'masitolo a kwathu kuno, koma munthu akhoza kuyamba ndi gitala wamba, bola akweze nsambo ndi kachitsulo kovundikira pamene nsambo zimadutsa kumutu kwa gitala, kuti zisamagunde mizere. Chenjezo langa lalikulu lili pa nsambo. Nsambo yokhuthala kwambiri ya gitala wamba imachunidwa pa E, ndipo kuikoka mpaka ifike pa C wa pamwamba pake ndi kuidula, mwinanso kupinda khosi la gitala. Ine ndinagula mapaketi awiri, n'kutenga nsambo za D ziwiri, imodzi kuitsitsa pa C ina kuikweza pa E, nsambo za G ziwiri, imodzi kuisiya pomwepo ina kuikweza pa A, kenako ya B kuikweza pa C, ya E yopyapyala n'kuisiya mmene ilili. Kachitsulo kotsetsereza koyamba ndinakasulitsa kwa mmisiri wina wa zitsulo, koma sanakasalaze mokwanira ndipo kankakanda nsambo ndi kaphokoso kosautsa, mpaka mchemwali wanga atanditumizira kenikeni kuchokera ku Johannesburg pamodzi ndi mapiki atatu ovala ku zala pokodola nsambo, imodzi ya chala chachikulu ndi ziwiri zachitsulo za zala zinazo. Mapikiwa amapweteka sabata zoyamba ndipo amafuna kupindidwa pang'ono ndi pulayala kuti agwirizane ndi chala cha mwini wake.

Maphunziro onse ali m'Chingerezi cha ku America, ndipo malipiro ake ndi a madola kudzera pa khadi la kubanki, zimene si zapafupi kwa ambiri a ife. Komabe popeza phunziro ukagula limakhala lako, sulipiranso bandulo nthawi iliyonse ukafuna kulibwereza, ndipo amene Chingerezi chimamuvuta akhoza kuphunzira zambiri pongoyang'ana manja. Munthu amene sanagwirepo gitala n'komwe ndingamulangize kuti ayambe wadziwa makodi ndi kuwerenga kugunda kwa nyimbo, chifukwa pali zinthu zina zimene mphunzitsiyu amaziona ngati wophunzira akuzidziwa kale. Koma kwa woimba gitala wa m'kwaya kapena wa m'bandi amene akufuna kuonjezera kulira kwatsopano m'gulu lake, gawo loyamba lokha ndi lokwanira kumugwira chaka chonse, ndipo ndalama yake sangaidandaule.

Ine gawo lachiwiri ndangolilowa kumene, ndipo ndikuliyenda mosafulumira. Nyimbo za ku Texas sindiziimba pagulu. Zimene ndatengamo ndi kagwiridwe ka kachitsulo, katontholetsedwe ka nsambo ndi kupendeketsa kuja, ndipo ndikuziika pa nyimbo za m'buku lathu la kutchalitchi ndi pa nyimbo ziwiri zimene amalume ankakonda kuimba madzulo pakhonde, zimene amayi anga amandiimbira pakamwa kuti ndizipeze pa nsambo.