Sitolo ya ziweto yomwe sindidzapitakonso

Ndinapita ku sitolo ina ya ziweto kukagula chakudya cha nkhunda zanga, ndipo ngakhale katundu wawo ndi wabwino, sindidzapondakonso phazi kumeneko. Kuseri kwa kauntala kunali kabawi wogwidwa kutchire, atatsekeredwa m'kakhola ka waya, nthenga za kumchira zitathyokathyoka chifukwa chodziwombetsa pofuna kuthawa. Ankamupatsa mnofu wokhawokha, chonsecho mbalame yotere imafunika kudya mbewa yathunthu, ubweya ndi mafupa omwe, kuti mafupa ake asafooke. Nditafunsa za chilolezo, wogulitsa anazemba funso langa. Pangano la CITES la 1973, lomwe mayiko anagwirizana loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zakutchire, limateteza akabawi, akadzidzi ndi ziwombankhanga pa malonda a pakati pa mayiko, ndipo m'mayiko ambiri kuweta mbalamezi popanda chilolezo ndi mlandu. Nkhaniyi ndakaitula kale kwa oyang'anira nyama zakutchire.